Wochokera ku Maula Angavale Jezi Yathu?

 Moni kwa inu a ku Mitundu, a ku Nathenje, a ku Bunda, a ku Nanjiri mpaka ku Kamphata uko. Kaya muli pakhonde, kaya muli m'chigafa mukusankha fodya, kaya kawailesi mwakamangirira pa kabaza, Mulungu akudziwa pamene muli ndipo ali nanu mawu lero. Aleluya!

Lero tikamba za mpira. Ndikudziwa kuti amayi ena atambasula kale dzanja kuti atseke wailesi, akuti abusa asochera. Dikirani pang'ono mayi anga. Nkhaniyi ikukhudza mwana wanu, ikukhudza mlongo wanu, ikukhudzanso mpingo umene mumapempherako. Funso lathu ndi ili: munthu amene anapalamula mlandu, anamangidwa, wagwira ukaidi wake mpaka watuluka, kodi timu ya mpira imulembe? Tikayankha za timu tiyankhenso za mpingo, chifukwa funsolo ndi limodzi.

Mawu athu tiwapeza malo atatu. Lembani kuti mukawerenge modekha kunyumba: kalata ya Paulo kwa Filemoni, yonse, ndi mutu umodzi wokha; Machitidwe a Atumwi 9, ndime 26 ndi 27; komanso Luka 19, ndime 1 mpaka 10.

Tiyambe ndi zimene matimu akuluakulu akunja achita. Anyamata amene mumadzaza m'mavidiyo sho Loweruka kuonera ligi ya ku England, makamaka inu a Arsenal, dzina la Tony Adams mukulidziwa, kapena munalimva kwa akuluakulu. Anali kaputeni wa timuyo, wotchinga kumbuyo wolimba kwambiri. Mu 1990 anayendetsa galimoto ataledzera nkuiombetsa pakhoma. Mu Disembala chaka chomwecho khoti linamugamula kuti akakhale kundende miyezi 4. Anakhalako pafupifupi miyezi 2. Atatuluka Arsenal inamulandira, anapitiriza ukaputeni, timuyo nkutenga ligi mu 1991. Masapota anaimba, anavina. Koma mowa sanausiye. Anamwabe zaka zina zisanu, mpaka mu 1996 pamene anavomera poyera kuti mowa wamugwira ukapolo, nasiya. Mu 2000 anakhazikitsa malo otchedwa Sporting Chance, othandiza osewera anzake amene agwidwa ndi mowa, mankhwala ozunguza bongo ndi njuga. Mwamva? Chitseko cha ndende chinatseguka mu 1991, koma munthuyo anamasuka mu 1996.

Wachiwiri ndi Michael Vick wa ku America, katswiri wa mpira wawo uja wogwira ndi manja, wovala zipewa zolimba. Mu 2007 anagamulidwa miyezi 23 chifukwa choyendetsa njuga yomenyanitsa agalu, agalu ena nkumaphedwa mwankhanza. Ntchito inatha, chuma chinapita, ngongole zinamuzinga. Ali kundende, mphunzitsi wina wopuma pa ntchito, Mkhristu wodziwika dzina lake Tony Dungy, anapita kukamuona, ndipo atatuluka anakhala mlangizi wake. Mu 2009 timu ya Philadelphia Eagles inamulemba. Anthu ambiri anakwiya. Koma Vick anayenda m'masukulu kuuza ana kuipa kwa zimene anachita, ndipo pa ndalama zimene ankalandira anabweza pafupifupi ngongole zake zonse.

Wachitatu ndi Bruno, goloboyi wa timu ya Flamengo ku Brazil, amene anatenga nayo ligi mu 2009. Mu 2013 khoti linamupeza wolakwa pa kuphedwa kwa mayi amene anabereka naye mwana, nkumugamula zaka 22. Thupi la mayiyo silinapezeke. Mu 2017 anamutulutsa kwa kanthawi podikira apilo, ndipo pasanathe mwezi timu ya Boa Esporte inamusainitsa. Makampani amene ankathandiza timuyo anachokamo, ndipo mu Epulo chaka chomwecho khoti lalikulu linalamula kuti abwerere kundende.

Abale ndi alongo, anthu atatu awa ndi osiyana. Milandu yawo ndi yosiyana, mitima yawo ndi yosiyana. Koma matimu onse atatu anachita chinthu chimodzi: anamupatsa jezi. Chifukwa chiyani? Chifukwa pa tebulo la timu funso loyamba limakhala lakuti, miyendo ikadalipo? Manja akugwirabe? Atipatsa chikho? Tony Adams akanakhala wosewera wamba wokhalira pabenchi, mukuganiza kuti akanamudikira? Timu ndi bizinesi. Sindikuinyoza, ndikungoitchula dzina lake. Msika umakhululukira munthu amene abweretse phindu, ndipo miyendo ikatha chikhululukirocho chimathera pomwepo. Chimenecho tisachitchule chisomo.

Tsopano tibwere kwathu, chifukwa ndi chapafupi kuloza chala ku Brazil. Tiyerekeze anyamata awiri a mudzi umodzi. Anaba mbuzi limodzi, anagwidwa limodzi akugulitsa pa msika wa Mitundu, anagamulidwa tsiku limodzi. Ku Maula anadya mgaiwa ndi nandolo limodzi, ndipo atuluka tsiku limodzi.

Woyamba ali ndi mwendo wamanzere woopsa, akauponda mpira goloboyi amangoumva mphepo. Bonanza ikuyandikira, mphoto yake ndi ndalama ndi yunifomu. Sabata isanathe akomiti a timu afika pakhomo pake. Akuti zakale ndi zakale, munthu amalakwa, bwera Lachitatu ku tirening'i. Akagoletsa chigoli chimodzi amunyamula paphewa kuzungulira naye bwalo. Mwini mbuzi uja ali pomwepo akuonerera, palibe amene wamufunsa kanthu.

Wachiwiri mpira saudziwa. Apite kukapempha ganyu yopalira chimanga, akuti tapeza kale munthu. Apemphe njinga yoti azichita kabaza nkumapereka ya patsiku, akuti yaonongeka. Ku banki mkhonde dzina lake salifuna. Nkhuku ikasowa mudzi wachitatu uko, anthu ali pakhomo pake. Ndipo tonse tikudziwa zimene zimachitika masiku ano munthu akangokuwiridwa kuti wakuba: asanafike apolisi, ena atola miyala, ena akufuna petulo. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi zitseko zonse zili zotseka, chitseko chimodzi chokha ndi chimene chimatseguka, cha anzake akale aja. Akagwidwanso timati, tinanena ife, fisi ndi fisi basi. Koma ndani anamukankhira kuphangako?

Mlandu umodzi, ndende imodzi, koma wina paphewa, wina pamoto. Kusiyana kwawo ndi mwendo wamanzere basi.

Mukukumbukira pamene akaidi oimba a kundende ya Zomba anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy ya 2016 ku America. Dziko lonse linanyadira, ndipo kunali koyenera kutero. Zinaonetsa kuti kuseri kwa mpanda kuja kuli mphatso za Mulungu. Koma m'ndende ya Zomba, ya Maula, ya Chichiri muli anthu zikwi amene saimba, samenya gitala, sagoletsa zigoli. Amenewo akatuluka adzawaombera m'manja ndani?

Musaganize kuti mpingo ndi woyera pa nkhaniyi. Abwere wochokera kundende amene amadziwa kiyibodi, Lamulungu lachiwiri ali kale kutsogolo. Abwere wa bizinesi amene anamangidwa chifukwa chobera anthu pa sikelo, akangolonjeza malata a tchalitchi, tikuti m'bale wathu wabwerera, mpatseni mpando. Abwere mnyamata wachiwiri uja, wovala malaya amodzi, amayi akuyamba kukumbatira zikwama, woyang'anira pakhomo akumulozera benchi ya kumbuyo. Kawerengeni Yakobo mutu 2, muone dzina limene Mulungu amapereka ku khalidwe limeneli. Ndi tsankho, ndipo ndi tchimo. Pamenepo mpingo wasanduka timu, abusa asanduka kochi. Wina anene Amen ngakhale zikuwawa!

Nanga Mulungu amafunsa funso lanji? Tiyeni ku Yeriko. Zakeyu anali mkulu wa okhometsa msonkho, wolemera ndi ndalama zofinya anthu a mtundu wake. Taonani dongosolo lake la nkhaniyi. Yesu analowa m'nyumba mwake Zakeyu asanabweze ngakhale tambala imodzi. Anthu anang'ung'udza, Yesu analowabe. Chisomo chimayamba ndicho, sichidikira lisiti. Koma chisomo chitalowa m'nyumba, chikwama chinatseguka. Zakeyu anaimirira nkulonjeza kugawira osauka theka la chuma chake, ndi kubwezera kanayi aliyense amene anamulanda monyenga. Chilamulo cha Mose pa Eksodo 22 chinkalamula kuti wakuba nkhosa nkuipha kapena kuigulitsa abweze nkhosa 4, wakuba ng'ombe abweze 5. Zakeyu anadziika yekha pa muyeso wa mbava, popanda womukakamiza. Kulapa kwenikweni kumakumbukira munthu amene analakwiridwa.

Tionenso Onesimo. Anali kapolo wa Filemoni, anathawa, ndipo kalatayo ikuonetsa kuti anasiya ngongole kapena cholakwa kumbuyo. Anakumana ndi Paulo, Paulo ali m'ndende, natembenuka mtima. Dzina lakuti Onesimo limatanthauza munthu wothandiza, ndipo anakhaladi wothandiza kwa Paulo, moti Paulo ankafuna kumusunga. Tamverani pamenepa. Paulo akanakhala wapampando wa timu akanati, mnyamatayu akugoletsa, za kwa Filemoni tiziiwale. Koma Paulo anamubweza kwa munthu amene anamulakwira, kalata ili m'manja. Anapempha Filemoni kuti amulandire ngati m'bale. Ndipo pa za ngongole, Paulo analemba ndi dzanja lake kuti iwerengedwe pa iye, adzalipira yekha. Mtumwi anataya womuthandiza, anaikanso thumba lake pachikole, kuti anthu awiri ayanjane. Timu imalandira munthu kuti ipindule. Paulo analandira Onesimo nkuluza.

Nchifukwa chake ndikuti tisaiwale mwini mbuzi. Mwina ndi mayi wamasiye amene ankasunga mbuziyo kuti agulitse alipirire mwana fizi ya Fomu 3. Boma linalanga wakubayo, inde, koma miyezi imene anakhala ku Maula sinabweze mbuzi m'khola la mayiyo. Mwana uja anakhala pakhomo teremu yonse. Ife tikamaimba kuti wabwerera, wabwerera, osapita kukagogoda pakhomo pa mayiyo, tikumubera kachiwiri. Mulungu amene amakonda wolakwa ndi yemweyo amene amamva kulira kwa wolakwiridwa.

Pali chinanso chimene tiyenera kuchigwira bwino, chifukwa apa ndi pamene mipingo yambiri imagwera m'dzenje. Kukhululuka ndi kukhulupirira munthu ndi zinthu ziwiri. Kukhululuka ndi kwa lero. Kukhulupirira kumamera ngati mtengo wa mango, sudzala m'mawa nkuthyola madzulo.

Taonani Saulo. Atafika ku Yerusalemu kufuna kuphatikana ndi ophunzira, onse anamuopa. Musawaweruze msanga. Munthuyu anavomereza kuphedwa kwa Stefano, analowa nyumba ndi nyumba kukokera amuna ndi akazi kundende. Ena mwa okhala mu mpingomo anali ndi mabala ochokera kwa iyeyo. Ndiye panaimirira Barnaba. Anamugwira dzanja, anapita naye kwa atumwi, nawafotokozera mmene anakumanirana ndi Ambuye panjira, ndi mmene analalikira molimba mtima ku Damasiko. Barnaba sanati zakale ndi zakale. Anabweretsa umboni wa moyo wosinthika. Ndipo mukawerenga Agalatiya mutu 1 mupeza kuti panali patapita zaka 3 chitembenukire mtima. Ngakhale pamenepo sanamupatse udindo tsiku lomwelo. Anapita kwawo ku Tariso. Patapita nthawi Barnaba yemweyo anakamufuna nkubwera naye ku Antiokeya, anaphunzitsa limodzi chaka chathunthu, kenaka Mzimu Woyera anawapatula pa mutu 13. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndiye ndilankhule mosabisa. Munthu amene anamangidwa chifukwa cha kuba, mulandireni, mudye naye, mupemphere naye, koma musamupatse thumba la mpingo kapena la timu mwezi woyamba. Mukatero mukumuika pa mayesero, ndipo akagwa mlanduwo mugawana. Munthu amene anamangidwa chifukwa chogwiririra mwana, mwazi wa Yesu ungamutsuke, khomo la tchalitchi ndi lotseguka kwa iye, koma Sande sukulu ayi. Kuphunzitsa timu ya ana ayi. Kuperekeza atsikana a netibo ku masewero ayi. Ngakhale alire misozi yodzaza ndowa, ngakhale alankhule malilime, ngakhale akhale kochi wabwino kuposa onse m'dera lino. Ngati analapadi, iye mwini adzakhala woyamba kuvomereza malire amenewo. Akayamba kukwiya nawo malirewo, tsegulani maso. Ndipo mlandu wotere ukachitika pakati pathu, malo ake ndi kupolisi. Si nkhani yothera m'chipinda cha akulu a mpingo, si nkhani yolipitsana nkhuku, ngakhale wopalamulayo akhale womwetsa zigoli wa timu yathu kapena wotsogolera matamando. Ana athu sitingawagulitse ndi chikho. Aleluya!

Nanga funso lathu lija tiliyankhe bwanji? Wochokera ku Maula angavale jezi yathu? Inde angavale. Koma chifukwa chake chisakhale mwendo wamanzere. Ndipo khomo limene mwamutsegulira iyeyo mumutsegulirenso mnzake wopanda mwendo uja.

Kwa inu akomiti a matimu a m'midzi ndi a masukulu, kwa inu amfumu amene mumapereka mabwalo, musanamupatse jezi khalani naye pansi. Mufunseni ngati akuvomera chimene anachita, kapena akunenabe kuti anangomunamizira pomwe mudzi wonse unaona. Mufunseni ngati wapita kwa amene anawalakwira. Mufunseni amene akuyenda naye tsopano. Bonanza ikapambanidwa, gawo lake la ndalama liyambe ladutsa pakhomo pa mwini mbuzi. Tsiku limenelo mudzi udzaphunzira zambiri kuposa zigoli khumi.

Kwa inu akulu a mpingo, amayi a chigwirizano, achinyamata, Mulungu akufuna a Barnaba ku Mitundu ndi ku Nathenje. Michael Vick anapeza Tony Dungy. Mnyamata wa m'mudzi mwanu apeza ndani? A Prison Fellowship ali ndi malo ku Balaka kumene amaphunzitsa ntchito zamanja anthu ochokera kundende, ndipo tiyamike Mulungu chifukwa cha ntchitoyo. Koma malo amodzi sangalandire onse, ndipo pamapeto pake munthu amabwerera kumudzi kwawo. Ubarnaba si wa pakamwa. Ndi kumupatsa mizere makumi awiri ya ganyu nkumulipira pa nthawi yake. Ndi kumuimira kwa mwini njinga kuti, mubwerekeni, ikasowa mudzafunse ine. Ndi kumuperekeza kwa mayi wamasiye uja, chifukwa yekha miyendo imalemera. Ndi kukhala naye benchi imodzi Lamulungu anthu akuona. Zingakutayitseni ndalama, inde. Mwina wina adzakukhumudwitsani. Paulo naye anasaina ngongole ya Onesimo asakudziwa kuti ifika pati. Musaiwale kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero ndi mwana wa aneba, mawa akhoza kukhala wobadwa m'mimba mwanu.

Kwa inu amene munalakwiridwa, sindikuuzani kuti muiwale, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wokukakamizani kumwetulira. Bala lanu Mulungu akuliona. Chimene ndikupemphani ndi chakuti mwala umene mwaugwira m'manjawo muupereke kwa Ambuye, chifukwa ukulemera inu kuposa iye. Akabwera kudzapepesa, mumumvere. Zotsalazo Mzimu Woyera adzakuthandizani pang'onopang'ono.

Ndipo kwa iwe mwana wanga, iwe m'bale wanga amene watuluka kumene, kapena ukundimvera uli m'kati mwa mpanda ku Maula, tamvera. Mose anapha munthu wa ku Igupto nkumukwirira mumchenga. Davide anaphetsa Uriya. Saulo anazunza mpingo. Mulungu anawagwiritsa ntchito onsewo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anadutsa njira yachidule. Mose anaweta nkhosa ku Midyani zaka 40. Davide anagwada pamene mneneri Natani anamuloza chala. Usadalire luso lako. Masapota amene akukunyamula lero adzakutsitsa tsiku limene udzaphonye penote. Usakwiye anthu akamachedwa kukukhulupirira, unawapatsa chifukwa. Vomera tchimo lako ndi dzina lake. Pita ukapepese. Bweza chimene ungathe, ngakhale ndi ndowa imodzi ya chimanga pa mwezi. Siya anzako aja, siya kachasu, siya chamba. Ndipo ngati ulibe luso lililonse limene dziko lingaombere m'manja, uthenga wabwino ndi uwu: Yesu sachititsa matirayo. Wachifwamba uja wa pamtanda analibe chigoli choti agoletse, manja ndi miyendo zinali zokhomedwa, koma anavomera kulakwa kwake, naitana Yesu, ndipo analandiridwa tsiku lomwelo. Aleluya!

Tonsefe pamaso pa Mulungu ndife anthu a mbiri yoipa. Kusiyana kwake nkwakuti ena anagwidwa ndi apolisi, ena sanagwidwe. Iye anatilandira tilibe chomupatsa, ndipo ngongole yathu anailemba pa dzina la Mwana wake. Amene walandiridwa motero sangatsekere mnzake pakhomo.

Tiyeni tipemphere. Pamene mulipo, ikani dzanja pamtima.

Atate wathu wakumwamba, tikubwera pamaso panu m'dzina la Yesu. Tikhululukireni pamene tinalandira anthu chifukwa cha phindu, ndi kukana ena chifukwa analibe chotipatsa. Tikupempherera abale ndi alongo athu amene ali ku Maula, ku Zomba, ku Chichiri ndi m'ndende zonse za dziko lino. Apatseni kulapa kobala zipatso. Tikupempherera amene anaberedwa, amene anavulazidwa, amene anataya okondedwa awo. Pukutani misozi yawo, bwezeretsani zimene anataya. Tetezani ana athu m'mabwalo a masewero ndi m'matchalitchi. Dzutsani a Barnaba ku Mitundu, dzutsani a Barnaba ku Nathenje. Tikumanga mzimu wa kuba, mzimu wa kuledzera, mzimu wobwezera ndi moto, m'dzina lamphamvu la Yesu Khristu. Amen.

Ngati mwapemphera nafe ndipo mukufuna kupereka moyo wanu kwa Yesu, musakhale nokha. Pitani ku mpingo wokhulupirira Baibulo umene uli pafupi nanu, mukaonane ndi abusa, muwauze mbiri yanu yonse osabisa. Inu abusa anzanga, akafika mumutsegulire. Tidzakumananso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi. Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Amen.